Anamutulutsa Bala Lisanapole

Pa siteji ya basi yoyang'anana ndi chipatala, agogo ena ankayankhula ndi mayi wosamudziwa amene anakhala nawo pa benchi.

"Mwana wanga ndinamuchenjeza ine. Ndinati usatuluke bala lisanapole, akung'amba pamimba iwe."

"Nanga anatulukiranji, agogo?"

"Anabweretsa bwana watsopano, kale ankayendetsa mahotela. Akuti wodwala ndi kasitomala, ndipo bedi lisamakhalitse ndi munthu mmodzi. Wodi yotulutsa anthu msanga amaipatsa chikho, ngati timu ya mpira."

"Chikho? Mukuseka, agogo!"

"Ndinachiona ndi maso angawa, chikunyezimira pa tebulo la anamwino. Mmodzi wa iwo anamunyengerera mwana wangayo, 'Asisi, mwachira, mukapumira kwanu.' Ndinamukoka chitenje kuti akane, iye nkundiseka. Akuti, 'Amayi, inu mumaopa chilichonse.'"

"Ndiye pano ali bwanji?"

"Bala linatseguka titafika kunyumba, thupi lonse moto. Tinathamanga naye kubwerera, koma pa bedi lake panali kale kasitomala wina. Anatiuza kuti tidikire pakhonde, malo apezeka. Tinadikira, mayi. Pakhonde pomwepo ndi pamene ndinamutseka maso."