Ng'ombe Zimene Zinakana Kukamidwa

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951. Anali achinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo ankasoka zovala pakhonde. Ndisanapite patali, abusa, akuluakulu ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza, banja landituma kuti ndiyankhe funso limene lakhala likuyenda m'manong'onong'o kuyambira dzana: kodi ng'ombe zigulitsidwa, ndipo Mayi, akazi a malemu, asamuka pakhomo pano? Yankho lake lili m'mbiri yomweyi, choncho tiitsate mwadongosolo.

Anayamba sukulu mu 1958. Achemwali awo amene atsala akutiuza kuti dandaulo la aphunzitsi linali limodzi, mafunso. Tsiku lina anasowa m'kalasi, ndipo anakawapeza kudambo akulondola mzere wa nyerere kuti aone kumene zikupita. Mu 1968, ali Fomu 2, bambo awo anamwalira, sukulu n'kuthera pomwepo.

Pa 2 Febuluwale 1970 analembedwa ntchito yotsuka zigubu kufakitale ya mkaka. Mu 1974 anawasamutsira polandirira mkaka wa alimi. Ankati akatsegula chigubu, choyamba kulowamo inali mphuno yawo, chipangizo choyesera pambuyo. N'chifukwa chake anzawo a kuntchito, amene ena tikuwaona pano, ankawatcha a Mphuno. Akabweza mkaka wosasa, nkhani sinkathera pomwepo. Ankakwera njinga kupita kukhola la mlimiyo, n'kuyamba kufunsa za madzi, za ndowa, za nsalu yosefera, mpaka apeze pamene pakulakwika. Alimi ena ankawathokoza. Ena akangoona njingayo ankatuma ana kuti akanene kuti bambo achokapo.

Pa 21 Ogasiti 1976 anamanga banja ndi Mayi, amene panthawiyo ankagulitsa m'sitolo ya nsalu. Mayi anavomera ukwati atanenetsa chinthu chimodzi: iwo ng'ombe amaziopa chiyambire ubwana, ndipo asadzauzidwe kuti aigwire ngakhale mchira. Malemu analonjeza, ndipo lonjezolo analisunga.

Ana awo akukumbukira bambo osatha kukhala m'nyumba Loweruka. Anasoketsa tenti ya lona lakale la lole, ndipo ankatenga ana onse kupita kuphiri kapena kumtsinje. Panjira ankaima paliponse. Mbalame iyi ikulira chifukwa chiyani? Bwanji udzu wa mbali ino wauma msanga? Mwana akati sakudziwa, iwo ankati nawonso sakudziwa, onse n'kukhala pansi kudikira kuti aone. Kokawedza nsomba, Mayi amati ankabwerako ndi nkhani zambiri kuposa ndiwo. Mu Julayi 1988 malemu anaterereka pathanthwe n'kuthyoka bondo lakumanzere. Bondolo silinapindikenso bwinobwino. Zoyenda sanasiye; anangosema ndodo.

Ng'ombe yawo yoyamba anaigula mu Meyi 1991. Anamanga khola ndi kachipinda kokamira, kokhala ndi simenti pansi ndi chitseko chamatabwa. Ana ankamweta udzu, kuwola ndowe ndi kunyamula zigubu, koma yokama inali ntchito ya bambo okha, chitseko chili chitsekere. Ankati ng'ombe ndi yamanyazi, sifuna anthu oonerera. Palibe anaonapo vuto. Mu 1999 anayambitsa ndi anzawo bungwe la alimi a mkaka, ndipo analitsogolera mpaka 2012. Kufakitale anapuma pa 31 Disembala 2006. Pofika chaka chino, m'khola munali ng'ombe zokama zisanu ndi zinayi.

Pa 6 Febuluwale 2024 anagwa akukonza mpanda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako patapita milungu iwiri, dzanja lamanja litafa, mawu atatsekeka, koma mutu ukugwira ntchito monga kale.

Apa ndi pamene ng'ombe zinayamba kutizunguza. Alimi a bungwe ankabwera mosinthana kudzakama, anthu amene agwira mabere a ng'ombe kuyambira ali anyamata. Ng'ombe zinawakana onse. Zinkamenya mateche, kutaya ndowa, ndi kubisa mkaka. Yaikulu m'zonse, imene malemu ankaitcha Abwana chifukwa sinkalola ina kuidutsa pakhomo, inaswa magalasi a wapampando wa bungwe. Alimiwo anayesa kuvala ovolosi ndi chipewa cha malemu. Anayesa kuimba likhweru lawo. Mwana wawo wachiwiri anabweretsa wailesi, poganiza kuti mwina bambo ankakama akumvera nyimbo. Alangizi a ziweto anazipima zonse, osapeza matenda. Pamapeto pake anayamba kuzimanga miyendo ndi chingwe, chinthu chimene sichinachitikepo m'khola limeneli. Mkaka unatsika ndi theka, ndipo mabere a ziwiri anayamba kutupa.

Pa 25 Febuluwale ana anakumana pabalaza. Anagwirizana kuti ng'ombe zigulitsidwe zisanawonongeke, ndipo makolo akakhale kwa mwana wamkulu m'tauni, m'nyumba yam'mwamba yopanda bwalo. Sanaganize moipa, anali atayesa zonse. Mayi sanatsutse chifukwa analibe njira ina yoti apereke, koma anauza alamu awo kukhitchini kuti kumeneko akakhala ngati katundu. Malemu anali pampando wawo akumva zonse. Ankagogoda ndodo pansi, kenako n'kuloza nayo kumanzere. Anachita zimenezi mobwerezabwereza. Wina anawatsegulira zenera. Wina anawapatsa madzi. Iwo anatsinzina n'kupukusa mutu.

Wogula anayenera kubwera pa 2 Malichi. Dzulo lake, Mayi anatenga tsache kuti malo aoneke bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba analowa m'kachipinda kokamira, ng'ombe zili kubusa. Atasesa utuchi wonse, anaona timaenje titatu m'simenti. Pambali pake panali mzere wautali wosalala, ngati popekesedwa ndi chidendene cha nsapato. Anatenga kampando ka malemu ka miyendo itatu n'kukaika pamenepo. Miyendo yonse inalowa ndendende. Anakhalapo, n'kutambasula mwendo wakumanzere, ndipo chidendene chawo chinagwera pamzere uja.

Kwa amene simuweta ndifotokoze. Mlimi aliyense wa bungwe lathu anaphunzitsidwa kukhala kudzanja lamanja la ng'ombe pokama, ndipo sachita kuganizira. Timaenje tija tinali kumanzere. Munthu amene bondo lake lakumanzere silipinda akakhala kumanja, mwendo wake umakathera pansi pa ziboda zakumbuyo. Akakhala kumanzere, umaloza kutsogolo, kumene kulibe ngozi. Ng'ombe zonse za m'khola lino zinabadwira pano, ndipo chibadwire zinali zisanamvepo dzanja la munthu kumanja.

Madzulo ake Mayi anapempha wapampando kuti ayese kukhala kumanzere. Iwo anayamba avula magalasi atsopano n'kuwasiya panja. Abwana anatembenuka, kuwayang'ana, n'kupitiriza kudya. Ndowa inadzaza. Atauzidwa malemu, anaseka mpaka misozi, ndipo kanali koyamba kuseka chidwalire. Wogula anabwera m'mawa mwake, anamwa tiyi, n'kubwerera.

Panatsala funso loti azikama ndani tsiku ndi tsiku, pakuti alimi a bungwe ali ndi makola awo. Mayi anati azikama iwowo. Palibe anawapempha. Kuyambira Malichi mpaka Meyi, adzukulu ankakankha malemu pa njinga ya odwala kukaiimika pambali pa kampando, ndipo ndi dzanja lawo limodzi lotsalalo malemu ankagwira zala za Mayi, kuwasonyeza pofinya ndi posiya. Mayi anapondedwapo chala, analirapo, koma kukhola sanasiye. Chimene sitikuchidziwa mpaka lero n'chakuti kaya malemu ankazindikira zaka zonsezi kuti amakama mosiyana ndi anzawo. Tinawafunsa. Anangokweza phewa.

Pa 4 Juni anayamba kubanika ndipo anagonekedwanso m'chipatala. Anatisiya Lamulungu pa 9 Juni 2024 m'mawa, ali ndi zaka 73.

Malemu asiya akazi awo, ana aamuna atatu ndi aakazi awiri, adzukulu khumi ndi awiri, ndi achemwali awo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, mpingo, anzawo a kufakitale, anansi, ndi alimi a bungwe, makamaka amene analandira mateche popanda kudandaula.

Tsono yankho ndi ili. Ng'ombe sizigulitsidwa, ndipo Mayi sapita kulikonse. Lero m'mawa akama okha, ndipo madzulo ano mukaona akunyamuka pakati panu musadabwe kapena kuwagwira mkono. Amene mwaimika galimoto pachipata cha khola, chonde muisunthe dzuwa lisanapendeke.

Bambo athu ayenda mapiri ambiri ndi mwendo umodzi wolimba. Mulungu awapatse mpumulo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.