Matabwa a Bokosi la Mkazi Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni, a ku Sadzi kuno ndi ena onse amene mawu awa akufikeni. Ine ndine Diston Makwinja, kalipentala. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo sukulu ndinalekera ku pulayimale. Koma zimene Mulungu anandichitira pa maliro a mkazi wanga sindingazikwirire. Ndinatsala pang'ono kutaya mwana, ndipo mtembo wa mkazi wanga unatsala pang'ono kukatulidwa pakhonde la polisi ngati thumba la makala.

Ndinene poyera kuti apolisi sindinkawakonda. Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Ndinaona galimoto ikuima pakhomo pa munthu, munthuyo n'kukwera, osabweranso, ife n'kumangoyang'ana pansi. Tinavota kuti zimenezo zithe. Zipani zinachuluka ndithu, koma lamulo limachokerabe kumodzi. Boma linasamuka muno mu Zomba kalekale. Lero munthu amene sanakwerepo phiri ili amakhala mu ofesi ku Lilongwe n'kumalamula za mitengo yathu, misika yathu, ngakhale za wapolisi woti atilondere.

Kwathu kuno kuli kapolisi kakang'ono ka zipinda ziwiri. Anthu sankakakhulupirira. Ankati mbava ukaipereka m'mawa, madzulo uipeza ikusewera bawo pamsika. Mkulu wa pamenepo anali Sajeni Mhango, wa kumpoto. Tikakumana pamsewu, moni wake ndinkayankha ndi mutu basi.

Mkazi wanga, mayi a Feston, anamwalira atadwala nthawi yaitali. Ndakhoma mabokosi a anthu ambiri m'dera lino, choncho lake sindikanagula la m'mbali mwa msewu. Ndinati ndikhoma ndekha. Kutacha ndinatuma Feston, mwana wanga wamwamuna yekhayo, munthu wa banja lake, kuti akwere kuphiri akatenge matabwa a paini kwa mnzanga wocheka, amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango.

Sitinadziwe kuti kulikulu kunali kutatuluka lamulo. Mitengo inali ikutha m'phiri, izo n'zoona. Koma lamulolo linati aliyense wopezeka ndi thabwa agwidwe. Anabweretsa apolisi achilendo a mifuti, osadziwa kuti wakuba ndi uti, wogula ndi uti. Feston anakumana nawo akutsika, matabwa ali pamutu. Anawauza za maliro. Anamuwomba mbama n'kumukweza m'galimoto. Ogwidwa onse anawasiya pa kapolisi kathu, iwo n'kubwerera kuphiri kukasaka ena.

Uthenga utandipeza ndinavala jekete n'kupita komweko. Matabwa ndinawaona panja, atatsamira khoma. Mwana wanga sindinamuone. Ndinangomumva akutsokomola mkatimo.

"Bwana, m'nyumba mwanga muli mtembo," ndinatero. "Matabwa awo ndi bokosi la mayi ake. Mutulutseni."

Sajeni anaimirira. "Pepani kwambiri, madala. Ine sindinamugwire. Foni yachokera kulikulu kuti wina asatuluke, ngakhale pa belo, mpaka lole ibwere kudzawatenga."

"Kulikuluko akumudziwa Feston?"

"Sakumudziwa."

"Nanga inu?"

"Ndikumudziwa. Chitseko ichi anakhoma ndi iyeyo."

"Ndiye yunifolomu mwavalayo ndi ya chiyani, ngati ntchito yanu ndi kungoyankha foni?"

Anakhalanso pampando wake. Ine sindinagwadirepo munthu, ndipo tsiku limenelo sindinayambe. Ndinabwerera.

Pamaliro ndinapeza nyimbo zitaleka. Nkhani inali itafika kale. Adzukulu okumba manda anali atabwera ndi makasu awo, manda atawasiya osatha. Mkulu wawo, a Likhutcha, anandikokera pambali.

"Achimwene, anthu apangana. Bokosi palibe, mwana palibe. Tinyamula mtembo m'mphasa, tikawatulira apolisiwo pakhonde pawo. Akaike okha, ndi foni yawoyo."

"Ameneyo ndi mkazi wanga," ndinatero. "Si chikwangwani cha zionetsero."

"Tikudziwa. Koma boma limamva likaona mtembo. Njira ina muli nayo?"

Ndinalibe. Ndinayang'ana kumsewu. Anyamata ankatola miyala. Wina anabwera ndi petulo m'chigubu. Ena anali anthu amene mkazi wanga sankawadziwa n'komwe. Aliyense anabwera ndi chake, uyu njinga yake yomwe inalandidwa, uyu mbava yomwe inatulutsidwa, uyu benchi lake lomwe linagwetsedwa pamsika. Mkwiyo wawo unali woona, ndipo wina mwa iwo ndinali ine. Koma ndinadziwa mathero ake. Kapolisiko akakayatsa, Feston ali mkati, chitseko chokhoma. Achilendo a mifuti aja akatsika m'phiri n'kupeza moto, safunsa dzina la munthu.

Ndinaima pakhomo la nyumba yanga n'kunena kuti wofuna kunyamula mtembo ayambe wanyamula ine. Anandipatsa ulemu, koma unali ulemu wa kanthawi. Ndinamva wina akuti, "Adalawa asiyeni, chisoni chawasokoneza mutu." A Likhutcha anati dzuwa likapendeka sadzathanso kuwagwira anyamatawo.

Pamenepo mphamvu zinandithera. Ndinalowa m'nyumba momwe munali azimayi, malo amene mwamuna sakhalitsa. Ndinagwada pafupi ndi mkazi wanga. Mapemphero aatali sindiwadziwa. Ndinati, "Ambuye, mayi awa anakutumikirani moyo wawo wonse. Musalole kuti akagone padzuwa pakhonde la boma. Mwana wanga musamuphe ndi manja a anansi anga. Nzeru zanga zatha." Ndinabwereza mawu omwewo. Azimayi anayamba nyimbo chapansipansi. Yankho sindinalimve. Ndinangomva phokoso panja likukula.

Kenako wina anakuwa kuti, "Akubwera!"

Ndinatuluka ndikuyembekeza galimoto ya mifuti. Munalibe galimoto mumsewu. Munali anthu awiri oyenda pansi, matabwa ali pamapewa, wina kutsogolo wina kumbuyo. Wakumbuyo anali Feston. Wakutsogolo anali Sajeni Mhango, yunifolomu yonse, wopanda mfuti, wopanda ndodo.

Gulu linathamangira komweko. Mwala woyamba unagunda thabwa. Wachiwiri unamupeza Sajeni pamwamba pa diso, magazi n'kutsikira m'kolala. Sanaime, sanathawe, matabwa sanawaponye. Ine ndinkathamanga, koma miyendo ya nkhalamba mukuidziwa.

Monga mwa mwambo, tinali titaika masamba pamsewu kusonyeza kuti pali maliro. Mukudziwa kuti pamasamba wa njinga amatsika, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wa chipewa amavula. Apolisi ambiri amangodutsa, chipewa chili kumutu, poti n'cha boma. Sajeni atafika pamasamba anaima. Anauza Feston kuti atule. Anavula chipewa, n'kuchipinda, n'kuchilowetsa m'thumba. Anasenzanso matabwa n'kuwoloka.

A Likhutcha ndi amene anakweza khasu m'mwamba.

"Imani pomwepo. Munthu uyu wawoloka masamba mutu uli pamtunda. Ndi wolira mnzathu. Amene amukhudze, tsiku la maliro a kwawo adzakumba yekha manda. Ndanena ine."

Inu a kuno mukudziwa kuti mawu a adzukulu sabwezedwa. Boma ungalinyoze, koma wokumba manda sungamunyoze. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Wa petulo uja sindinamuonenso.

Sajeni anatula matabwa pamapazi anga. "Madala, mwana wanu akadali m'manja mwanga. Ndabwera naye kuti aike mayi ake. Mawa ndibwerera naye."

"Kulikulu mwawauza?"

"Ndawauza nditanyamuka kale."

"Ati chiyani?"

"Zambiri. Tiyeni tikhome bokosi, dzuwa likupita."

Tinakhoma. Ine ndinkapala, Feston ankadula, Sajeni ankagwira matabwa, nsalu yomanga bala ili kumutu. Kugwira thabwa sankadziwa, ndipo ndinamukalipira monga ndimakalipirira aliyense pa ntchito yanga. Anangoti, "Chabwino, madala." Anagona panja pamodzi ndi abambo onse, pafupi ndi mkaidi wake. Kutacha adzukulu anamaliza manda. Feston ananyamula nawo bokosi la mayi ake, n'kuponya dothi ndi dzanja lake. Titachoka kumanda anasamba m'manja, n'kutsagana ndi Sajeni kubwerera kupolisi. Anthu anawapatukira njira.

Lole inabwera n'kuwatenga ogwidwa onse. Mwana wanga anakhala m'chitokosi mpaka mlandu unalowa m'khoti. Mnzanga wocheka uja anapita kukaima pamaso pa woweruza n'kunena kuti matabwa anali ake ndipo anawapereka yekha. Feston anamasulidwa. Ena amene anagwidwa naye, opanda wowalankhulira, anakhalitsa. Tisawaiwale m'mapemphero.

Sajeni Mhango sanathe mwezi. Anamusamutsira kutali, kumalire a dziko, ndipo ife amene ankatilondera palibe anatifunsa. Tinapita gulu kukadandaula, a Likhutcha ali patsogolo, pamodzi ndi ena mwa omwe anatola miyala aja. Anatiuza kuti nkhani za kusamutsa anthu sizipangidwa kuno. Tsiku lonyamuka ndinapita kukamuthandiza kumanga katundu. Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri. Zimenezo sindinachitirepo wapolisi wina aliyense.

Musandimve molakwa. Sindikuti apolisi onse ndi abwino. Maganizo anga pa ulamuliro wochokera kutali sanasinthe, ndipo ndidzanena pa msonkhano uliwonse mpaka mano atatha m'kamwa. Dziko limene munthu amalangidwa chifukwa chomvera chisoni anthu amene amawadziwa, dziko limenelo likudwala. Koma ndinapempha Mulungu njira, ndipo Iye anatuma munthu amene ine sindinkamuyankha moni.

Ndikuthokoza Ambuye amene anamva pemphero lalifupi la kalipentala. Ndikuthokoza azimayi amene anayambanso kuimba, ndi adzukulu amene anasunga mwambo pamene mitu inatentha. Inu amene muli pa mayesero lero, mwana ali m'chitokosi, kapena mwagogoda pa ofesi n'kuuzidwa kuti dikirani za kulikulu, limbikani. Musatole mwala msanga. Gwadani kaye, ngakhale mawu akhale ochepa. Ine ndinagwada, ndipo mayi a Feston anagona m'bokosi lokhoma mwamuna wawo, mwana wawo ataima pamanda, wamoyo.

Ambuye akusungeni nonse. Amen.