Ana a Crisanto Magpayo

Bambo Mfumu, mlamu wanga Mayi Erlinda, abale ndi anansi nonse, ine ndine Ponciano Magpayo, mng'ono wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndineneretu kuti dzulo titakhala pansi sitinamvane pa zonse zili papepalali. Amene zina ziwapweteke, ndikupempha andilole ndifike kumapeto.

Tsiku lobadwa la malemu a Crisanto Magpayo, amene ambirinu munkawatchula a Antoy, linali 9 Malichi 1953, ku Castillejos, m'banja la alimi a mpunga. Anali achiwiri mwa ana asanu ndi mmodzi. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale anailekeza chaka chachitatu. Chinawasokoneza ndi gitala ya msuweni wathu, yomwe nsambo zake ziwiri zinali waya wa mabuleki a njinga.

Mu 1970 anabwera kuno ku Olongapo, ine n'kuwatsatira patatha chaka. Iwo gitala, ine ng'oma, tinkaimbira asilikali a panyanja a ku America m'mabala. Nyimbo za roko malemu ankaziphunzira ndi khutu. Akamvera chimbale katatu, mawu onse alowa m'mutu, kenako n'kumavutitsa asilikali oledzera kuti awamasulire. Ankati munthu woimba mawu amene sakuwamva ali ngati wonyamula kalata yomupachika yekha.

Pa 27 Disembala 1975 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Erlinda Quijano m'tchalitchi chino. Mulungu anawadalitsa ndi Efren mu 1977 ndi Gemma mu 1980.

Mu Juni 1991 phiri la Pinatubo linaphulika, phulusa n'kugwetsa denga la nyumba yawo. Chaka chotsatira asilikali aja anachoka, mabala n'kutsekedwa. Mu Novembala 1992 malemu ananyamuka kukaimba ku Okinawa, atalonjeza kuti akangotha miyezi isanu ndi umodzi. Anakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Chaka chachitatu makalata anasiya kubwera. Mlamu analera ana yekha ndi kagolosale ka pawindo. Ku Okinawa kuja, mu 1996, malemu anabereka mwana wamkazi ndi mayi wina woimba nawo, amene panopa anatisiya kale.

Ndikumva kung'ung'udza kumbuyoko. Alongo ake a mlamu, khazikani mitima pansi. Sindinanene chimene wina muno sachidziwa.

Malemu anabwerera mu 2003 ndi chikwama chimodzi ndi gitala. Mlamu anawatsekulira, n'kuwapatsa chipinda cha kuseri. Anayamba kukonza mawayilesi ndi zokuzira mawu, ankaphunzitsanso gitala, ndipo kwaya ya pa Misa yoyamba anaiimbira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osajomba. Gemma anawakhululukira msanga. Efren ayi. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi sanawatchulepo Tatay monga mwana aitanira bambo ake. Akafuna kuwanena ankangoti "akuseriwo".

Mu Okutobala 2021 anagwidwa ndi matenda akufa ziwalo. Dzanja lamanzere, lopanira nsambo, linafa. Chinatsala ndi wayilesi, ndi ine kubwera Lamulungu lililonse masana kudzamvera nawo pulogalamu ya nyimbo zakale, kwinaku tikukangana.

Tsopano ndinene za Lamulungu la pa 14 Epulo chaka chino, pakuti ndi pamene pachokera nkhani tinasemphanapo dzulo. Tinali pakhonde. Efren anatumidwa ndi amayi ake kudzakonza fani yokupiza mphepo, anali chogwada pansi atatifulatira. Ife tinali pa mkangano wathu wakale, woti nyimbo yoposa zonse ndi iti. Ine ndinatchula ina imene ng'oma zimalira zokha kwa mphindi zinayi. Malemu anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, nati woimba ng'oma aliyense amakonda nyimbo yodzutsa agalu a eni, ndipo mawu ake sindinawamvepo chifukwa makutu ndinawagonthetsa ndekha mu 1974. Ndinawabwezera kuti iwo amakonda nyimbo zolira ngati mbuzi yomangidwa pamvula.

Tili mkati moseka, wayilesi inaika yapamtima pawo. Ndi yapang'onopang'ono, ya munthu amene wabwerera kwawo n'kuima pageti. M'chilankhulo chathu mawu ake amati: ndikudziwa pamene mumabisa kiyi, koma sindilowa mpaka mundiitane. Malemu anaimba nawo mzere umenewo, n'kundiuza kuti palibenso mawu aulemu kuposa amenewo m'nyimbo zonse za roko.

Efren, osatembenuka, anati: "Ulemu uli pati? Imeneyo ndi nyimbo ya munthu wamantha. Walakwa ndi iye, koma akufuna amene anawalakwirawo ndiwo adzuke adzamuitane."

Ine ndinagwira mpando. Ndinkadziwa mkwiyo wa onse awiri. Nyimbo inapitirira mpaka kutha. Kenako malemu anati: "Ukunena zoona, mwanawe. Ndi wamantha. N'chifukwa chake ndinkaiimba bwino kuposa eni ake."

Malemu anamufunsa Efren kuti nanga yako ndi iti. Efren anayankha kuti nyimbo zonsezo anazida chichokereni iwo, ikalira m'galimoto amatsika. Koma patapita kanthawi anatchula imodzi, yothamanga, imene bambo ake ankamuimbira pomumeta tsitsi pabwalo, ndipo ananena kuti iwo ankaphonya mawu a ndime yachiwiri. Malemu anakana kuti sanaphonyepo. Anakangana za ndime imeneyo mwina theka la ola. Aka kanali koyamba kuwaona akucheza chibwerereni malemu.

Efren akulongedza zipangizo zake, malemu anamugwira malaya ndi dzanja lamoyo lija. Anati: "Ndikapita, mlongo wako wa ku Okinawa, Mayumi, adzabwera. Wolakwa ndine. Iye usadzamusiye panja." Efren anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kumapita. Lamulungu lotsatira anabweranso, fani isanawonongeke, n'kukhala nafe mpaka pulogalamu kutha. Linalonso chimodzimodzi.

Pa 2 Meyi matenda anawabwereranso, tinathamangira nawo kuchipatala. Anatisiya m'mawa wa pa 6 Meyi 2024 ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi. Amene anawatseka maso ndi Efren.

Mayumi anafika Lachinayi. Masiku onse a maliro wakhala kunja kwa tenti ya maliro, kumbali ya msewu, ndipo pano ali pakhomo paja, wavala zoyera. Dzulo alongo ake a mlamu anandiuza kuti dzina lake likamveka m'tchalitchi muno, iwo atuluka ndipo bokosi sanyamula. Sindikuwaweruza. Iwo ndi amene anaona mlongo wawo akuvutika zaka zija. Papepalali panalembedwa mayina a ana awiri okha. M'mawa uno Efren analitenga m'manja mwanga, n'kulembapo dzina lachitatu ndi cholembera chake. Ine ndinakana kuwerenga mlamu asanadziwe. Ndinawapeza akusita diresi, ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Werenga, Ponciano. Koma uyambe ndi ine, ndipo unene zaka zonse za ukwati wanga. Khumi ndi chimodzi zija usachotsepo. Ndinazikhala ndine."

Choncho ndiwerenga monga ndauzidwira.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Erlinda Quijano Magpayo, amene akhala nawo pa ukwati zaka makumi anayi kudza zisanu ndi zitatu, osachotsapo ngakhale chimodzi. Asiya zidzukulu zisanu, azilongo awiri, ndi ine. Asiya ana atatu: Efren, Gemma, ndi Mayumi.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, a kwaya, amayi a mumsewu mwathu amene atiphikira sabata yonse, ndi anzathu oimba akale amene mwabwera ndi ndodo zanu. Ndikuthokozanso alongo ake a mlamu, pakuti ndikuona mukadali m'mipando yanu. Bokosili lili ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi, ndipo ziwiri zakutsogolo ndi zanu.

Achimwene, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.