Buku Lokhuthala pa Siteji ya Dwangwa

Minibasi yopita ku Nkhotakota inali isanadzaze. Philip, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe, anasuzumira buku lokhuthala lomwe mayi wina wachikulire ankawerenga pambali pake.

"Mayi, buku limenelo mudzalimaliza koma? Ine ndinalisiya ndisanafike n'komwe pakati. Munthu kumangofotokoza mmene mpunga umanunkhirira ku Chia, nkhani osayenda!"

"Inu mumakonda otani, bambo?"

"A pafoniwa. Wina waba, wina wathawa, mfuti yalira, pofika pa Boma ndamaliza. Koma uyu analemba ngati akufuna kutigoneka tulo."

"Ankachedwadi. Chiganizo chimodzi ankalimbana nacho mpaka kalekale, n'kumandiwerengera ine ndikusenda chinangwa."

"Ankakuwerengerani? Mumawadziwa?"

"Anali amuna anga. Tinawaika chaka chatha."

Philip anavula chipewa n'kuyamba kuchifinya m'manja, maso ali pansi.

"Pepani, mayi. Pakamwa pangapa pandilakwitsa."

"Musadandaule, nanenso ndinkawanena choncho ali moyo. Pano ndimawerenga tsamba limodzi patsiku, mwina theka. Ndikathamanga litha msanga, ndiye adzandiyankhulanso liti?"