"Eya Bwana" Wanga M'pepala la Apolisi

Omvera anzanga, ndinabwera ku London mu 2005 kudzakhala ndi amalume ku Thamesmead. Tsiku lina anakangana ndi akazi awo, aneba n'kuitana apolisi. Kumudzi tinaphunzira kuti wamkulu satsutsidwa, ndiye wapolisi atandifunsa ngati amalume anamenya akazi awo, ndinaweramitsa mutu n'kuyankha kuti, "Eya bwana." Chonsecho sindinaone chilichonse.

Patapita nthawi, amalume atakanidwa ntchito yosamalira okalamba chifukwa cha mbiri yawo ya kupolisi, analembera apolisi kupempha zonse zolembedwa zokhudza iwo, poti lamulo limalola. Pepala litabwera, anandipatsa kuti ndiwawerengere. Munalembedwa kuti mboni ya m'nyumbamo inavomera kuti amalume anamenya akazi awo. Dzina la mboniyo linali litadetsedwa ndi inki, koma m'nyumbamo tinkakhalamo atatu basi.

Nditamaliza kuwerenga, amalume analipinda bwinobwino pepalalo n'kunena kuti, "Mphwanga, tiyi wako akuzizira."

Mpaka lero sanandifunsepo kanthu, inenso sindinapepese. Anzanga, chimene simunachione musavomereze chifukwa cha ulemu.