Mwana Wanga Ananditchula Ba Anti

Ba Pasta, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mawu akhoza kundithera panjira.

Ambiri mumadziwa kuti ndakhala ndikuphunzira udokotala wa ana. Chimene simudziwa n'chakuti ndili ndi mwana wanga wamkazi, Mwape. Ndinakamusiya kwa amayi ku Mansa ali ndi zaka ziwiri. Ndinati, "Amayi, ndikangokhoza mayeso omaliza ndidzamutenga."

Ku wodi zinkayenda, abale. Madokotala akuluakulu amationerera tikugwira ntchito, kenako amalemba pa fomu ngati munthu angasiyidwe yekha ndi mwana wodwala. Mafomu anga onse ankati ndakhwima. Mtsempha wa khanda ukasowa, ankaitana ine. Ndiye ndinadzimva, ndisaname pamaso pa Mulungu. Ndinkati buku lindiuzanso chiyani ine?

Mayeso atabwera, anafunsa mankhwala oyamba kupatsa mwana wodwala matenda ena ake. Ine ndinalemba aja timapereka ku wodi enieniwo akasowa. Ndinazolowera kupulumutsa mwana ndi zimene zilipo, mpaka kuiwala zimene zimayenera kukhalapo. Mafunso angapo ndinayankha choncho. Ndinalephera, ndipo anati ndidikire chaka china chathunthu.

Chaka chimenecho, mayo ine! Tsiku ndi tsiku ndikunyamula ana a eni, wanga akukulira pa foni. Mu minibasi ya ku Chilenje ndikaona mayi atakhazika mwana pamiyendo, ndinkayang'ana kuwindo. Tsiku lina amayi anga anamupatsa Mwape foni, iye n'kundipatsa moni kuti, "Mwapoleni ba anti." Ba anti, ine! Ndinamusowa mwana wanga, abale, ndinamusowa mpaka pachifuwa kuwawa.

Ndinagwada, ndinalapa kudzikuza, ndinatsegula mabuku ndinkawanyoza aja. Dokotala wina wamkulu, yemwe ankandiyamikira pa mafomu, anandiuza kuti, "Ife tinaona manja ako, sitinaone mutu wako. Kawerenge, iwe."

Chaka chitatha ndinalembanso mayeso aja, ndipo sabata yathayi zotsatira zatuluka. Ndakhoza! Amayi a kwaya kumbuyoko, mwamva? Ndakhoza!

Lachisanu ndikwera basi ya ku Mansa. Akakanditchulanso anti ndikavomera, tidzayambira pomwepo, bola azigona m'nyumba mwanga. Zikomo Yesu, zikomo. Imirirani mundithandize kukondwera, ndipo Lamlungu likubwerali musiye malo a mwana pa benchi iyi, pafupi ndi ine.