Mabowo Atatu, Zingwe Zinayi

Wojambula maukwati ankagawana chipinda ndi mlamu wake, telala: kuno makina osokera, uko laputopu. Tsikuli mayi a mkwatibwi anali m'njira kudzaonera filimu, atanena kale kuti akapanda kukhutira, ukwati wa mwana wawo wachiwiri akajambulitsa kwina.

"Alamu, tandithandizeni," anatero wojambula, akuvula monita, galasi lalikulu loonetsera filimu, nsalu yake yoteteza ku fumbi. "Lumikizani ku laputopu monitayi ndi madirayivu atatu osungira filimuwo."

Telala anaika lumo pansi n'kuwerenga ndi chala. "Mabowo ndi atatu. Zingwe zinayi."

"Sindinati muwerenge, ndati mulumikize."

Analumikiza zitatu, n'kuima ndi chachinayi m'manja.

"Nanga icho?"

"Chikudikira malo."

"Iii! Imeneyo ndiye dirayivu ya kuphwando! Mayiwo analankhula mphindi makumi anayi pamenepo!"

"Ndizule ya kutchalitchi?"

"Analira pamenepo. Akufuna adzione akulira."

"Ya zithunzi?"

"Chipewa chawo chili mmenemo!"

"Basi, monita."

"Aa! Aziona chipewa pakagalasi kakang'onoka? Komanso simukuona apo?" Wojambula analoza pepala la pakhoma, lomwe analimata chaka chomwe anafufuta mwangozi malumbiro a anthu pafilimu ya ukwati: OSAZULA CHINGWE.

Telala analiwerenga modekha mpaka kumapeto. "Ndiye sindizula."

"Eya."

"Ndipo sindilumikiza."

"Lumikizani!"

"Pati?"

"Pezani malo, alamu! Nchifukwa chake ndakuitanani."

Telala anatola lumo. "Ife bowo la batani likachepa timalikulitsa. Zingwe ziwiri zikhoza kulowa limodzi."

"Mayo! Ikani pansi chimenecho! Ndinakuuzani kalekale: inu muzilankhula za nsalu, za kompyuta muzisiyira eni ake."

"Munandiuzadi."

"Nanga?"

"Ndasiyira eni ake." Anamupatsira chingwe chija ndi manja awiri.

Wojambula anatembenuza laputopu, kuisuzumira kunsi, kuiuzira mpweya. Mabowo anakhalabe atatu. Panja panamveka chitseko cha galimoto, kenako nsapato zazitali pamasitepe, ko, ko, ko.

"Ndatha ine," ananong'ona. "Alamu, nenani chilichonse."

"Cha nsalu kapena cha kompyuta?"

"Chilichonse!"

"Kumbuyo kwa monitayo kuli mabowo awiri ofanana ndi awa."

Wojambula anazungulira tebulo mothamanga. Analipodi, oyera bwino, osalowamo ngakhale fumbi. Anabayamo chingwe, kanyali ka dirayivu n'kuyaka, ndipo pamonita panatulukira mayi aja atagwira maikolofoni.

"Odi kuno!" anatero mawu pakhomo.

"Loweni, mayi!" Kenako wojambula anatembenukira mlamu wake, mano ali gwa. "Munawaona liti?"

"Chaka chatha, poyeza nsalu yophimbirayo."

"Chaka chathunthu! Osanena bwanji?"

"Ndinanena m'chinenero chomwe munandilola. Ndinasiya timipata tiwiri pansalupo, n'kutipenderera bwinobwino."

"Ndiye timipatato tili kuti?"

Telala anakhala pamakina ake, n'kulowetsa ulusi m'singano mosafulumira.

"Munati ndakuboolerani nsalu, alamu. Munandiimirira pompano mpaka nditatisoka."